Tikiti yotchipa ya njira yatsopano, funsani kaye za pobwerera

Achemwali, za tikiti ya ndege yotchipa imene mwaiona pa njira yatsopanoyi, musathamangire mtengowo. Ine ndinapsa nayo njira yongotsegula kumene ngati imeneyi. Kupita tinapita bwinobwino ndi mayi anga, ndege yachindunji, mtengo pansi zedi. Tili konko, kampani yaikulu imene inkadya yokha panjirayo inagwetsanso mtengo, ndege ya atsopanowa inayamba kuuluka mipando ili mbee, basi ulendo wathu wobwerera anaufufuta. Kutidziwitsa kwake kaimelo kamodzi, usiku.

Anatiponyera pa ndege ya kampani ina yodzera pabwalo lina, nthawi yosinthira ndege yochepetsetsa. Pokwera anatilanda chikwama cham'manja ati ndege yadzaza, chipite kunsi. Muli mankhwala a shuga a mayi m'menemo. Ndegeyo inachedwa, tinatsika n'kuthamanga likhonde lalitali mayi ali wefuwefu, kufika pageti atatseka, ndege yathu tikuiona pagalasi akuikankhira m'mbuyo. Kukauntala akuti "tikiti si yathu, pitani kwa amene anakugulitsani." Amene anatigulitsawo pabwalopo alibe ofesi, alibe munthu, foni yawo ikungoimba nyimbo mpaka mayunitsi kutha. Chikwama palibe akudziwa kumene chili. Tinachezera pamipando yachitsulo ija yokhala ndi zogwirira pakati kuti munthu usagone, kukuzizira koopsa, mayi nditawafunditsa jekete langa, manja awo akunjenjemera, milomo gwa. Ndikuchonderera mnyamata wa pakauntala, iye anayang'ana wotchi n'kuti nthawi yake yoweruka yakwana, kuzimitsa kompyuta, ulendo. Anthu opanda chisoni! Ndalama anatenga mwachangu, koma kubweza mpaka ndinatopa kulemba makalata.

Dziwani kuti nkhondo ya makampani a ndege imeneyi si yathu. Mabwalo a ndege a ku Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg, Doha, Dubai, onsewa akulimbirana ifeyo odutsa. Mu 2019 Qatar Airways inagwirizana zotenga 60 peresenti ya bwalo latsopano la Bugesera ku Rwanda, Ethiopia nayo ikumanga lina lalikulu ku Bishoftu. Mabwalo ena amachotserako kampani ndalama zolipira ndege ikatera kuti ibweretse njira yatsopano, ndiye kuchotserako kukatha njira nayo imatha. Ngakhale makampani akalekale amagwa, Air Namibia inatseka mu 2021, Comair ya ku South Africa mu 2022 inasiya anthu matikiti ali m'manja.

Ndiye ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi, nambala imodzi, kuti wokusiyani panjira asakane. Lipirani ndi khadi la kubanki. Mankhwala muike m'thumba la chovala, osati m'chikwama. Malisiti onse sungani, pangano la mayiko la Montreal la 1999, lokhudza maulendo a pandege, limalola kukafunsa kampani ikubwezereni zimene mwawononga ndege ikachedwa, ndipo mukanyamukira m'dziko la European Union lamulo lawo la EU261 limapereka mayuro 250 mpaka 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo.

Koma tikitiyo gulanibe mwamsanga isanakwere, ineyonso nditaipeza ndingagule. Atsopanowa tikawathawa tonse atseka, akuluakuluwo atikwezera mtengo mmene akufunira, tinaziona kale. Bola musatenge okalamba kapena ana, ndipo tsiku lobwerera lisagundane ndi tsiku loyamba ntchito. Lembani pansipa maola amene akupatsani posinthira ndege, akakhala osakwana atatu ndikuuzani zoti muchite.