Masiku awiri ku Kraków ndi amayi: tiyambire tchalitchi chiti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito ku Leeds. Ndaidula pang'ono:

"Amayi anga akubwera kudzandiona kuchokera ku Dedza. Ali ndi zaka 68, ndipo ku parishi kwathu ali m'gulu la Chifundo cha Mulungu. Chimvereni kuti Poland si kutali ndi kuno, sakundipatsa mpata pa foni. Ndapeza masiku awiri okha oti tikakhale ku Kraków. Pa intaneti akuti matchalitchi kumeneko ndi oposa 100. Tiyambire pati? Nanga n'zoona kuti amalipiritsa polowa m'tchalitchi? Amayi akamva zimenezo akhumudwa."

Achemwali, zikomo pondilembera. Tisanafike ku matchalitchi, nkhani ya mapepala kaye. Visa ya ku UK sigwira ntchito ku Poland. Amayi afunika ya Schengen, ndipo kawirikawiri imeneyi munthu amaifunsira kudziko kumene amakhala, osati kumene wangopita kukacheza. Ayambe kuiyendera asanakwere ndege.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinadzipusitsira ine. Ulendo wanga woyamba ndinalemba matchalitchi 9 papepala, n'kumachonga chimodzichimodzi ngati ndikuitana maina m'kalasi. Pofika madzulo mapazi anali atatupa, foni itadzaza zithunzi, koma mukanandifunsa kuti guwa la golide lija linali m'tchalitchi chiti, ndikanangokuyang'anani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ulendo wachiwiri m'pamene ndinazindikira kuti ku Kraków mapu sathandiza kwenikweni kuposa wotchi. Zinthu zimene amayi azikasimba akabwerera ku Dedza zili ndi nthawi yake: 11:50 m'mawa, 12 koloko masana, ndi 3 koloko masana. Konzani ulendo wanu mozungulira nthawi zitatuzi, zinazo zidzilowerera zokha.

Tsiku loyamba yambirani pabwalo lalikulu la pakati pa mzinda, Rynek Główny. Pangodya pake pali tchalitchi cha njerwa zofiira cha Amayi Maria, eni ake amati Kościół Mariacki. Simungachiphonye: chili ndi nsanja ziwiri zosalingana, ina yoposa mamita 80, inzake yaifupi. Apa m'pamene pali yankho la funso lanu la ndalama. Tchalitchichi chili ndi makomo awiri. Lakumaso ndi la obwera kudzapemphera, ndipo palibe amene angakufunseni ngakhale złoty imodzi. Lam'mbali ndi la alendo odzaona, limene limafuna tikiti, ndipo limakufikitsani pafupi ndi guwa la nsembe. Misa salipiritsa, pano kapena kwina kulikonse mumzindamu. Amayi muwafotokozere choncho: tikitiyo ndi ya ofuna kuyendayenda ndi kuyang'anitsitsa, ndipo ndalamazo n'zosamalira nyumba imene yakhala zaka zoposa 600. Ine ndimaona kuti n'chilungamo. Chimene chimandinyansa ndi anthu olowera khomo la opemphera, kugwada pang'ono mwachiphamaso, kenako n'kutulutsa kamera. Inu chitani zonse ziwiri poyera: Misa yam'mawa kudzera kumaso, mukamwe tiyi, mugule tikiti, ndipo pofika 11:40 mukhale mutaima kutsogolo.

Guwalo limakhala lotseka ngati kabati yaikulu. Ikakwana 11:50 amatulukira sisitere atanyamula ndodo yaitali, n'kukoka chitseko chimodzi, kenako chinacho, pang'onopang'ono. Phokoso la alendo limangozima lokha. M'katimo muli Amayi Maria akutsirizika pakati pa atumwi, mawondo atafooka, manja ali lende, mtumwi mmodzi atawagwiririra kuti asagwe. Ziboliboli zake n'zazitali kuposa munthu, zosemedwa ndi mtengo wa linden. Musamangoyang'ana golide. Yang'anani miyendo ya atumwiwo: mitsempha yotupa, zala zopindika, khungu la anthu oyenda pansi, monga a agogo amene akhala akulima moyo wawo wonse. Anasema ndi Veit Stoss wa ku Nuremberg, amene a ku Poland amamutcha Wit Stwosz, ndipo ntchitoyo inamutengera zaka 12, kuyambira 1477 mpaka 1489. Guwa lonse ndi lalitali pafupifupi mamita 13. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a Hitler analiphwasula n'kupita nalo ku Nuremberg, ndipo linabwerera ku Kraków mu 1946. Mukakweza maso muona denga la buluu lodzaza nyenyezi zagolide.

Mphindi khumi zikatha, thamangirani panja. Ola lililonse, usana ndi usiku, munthu amatsegula kazenera pamwamba pa nsanja yaitali ija n'kuliza lipenga kanayi, kuyang'ana mbali zinayi za mzinda. Nyimboyo amaitcha hejnał, ndipo oimba ake ndi ozimitsa moto. Imathera panjira, ngati wina wamutseka pakamwa. Nthano yake imati mu 1241, ankhondo a Chimongolia akuyandikira, mlonda analiza lipenga kuchenjeza anthu, muvi n'kumulasa pakhosi nyimbo isanathe. Akatswiri a mbiri amati nthanoyi inabwera mochedwa kwambiri, koma kuukiridwa kwa mzindawo mu 1241 kunachitikadi. Ya 12 koloko imaulutsidwa pa wailesi ya dziko lonse. Akamaliza, wolizayo amatulutsa dzanja n'kubayibitsa. Amayi abayibitsenso, si zachibwana, aliyense amatero.

Mukadya, tsatani msewu wa Grodzka kulowera ku phiri la Wawel. Panjira mudutsa matchalitchi awiri ogundizana: cha Petulo ndi Paulo Oyera, chimene chili ndi ziboliboli za atumwi pampanda, ndi cha Andrea Woyera, chamiyala, chokhala ngati linga, chomangidwa zaka za m'ma 1000 zisanathe. Suzumirani, dutsani.

Wawel ndi kaphiri chabe, ku Dedza sangakatche n'komwe phiri, koma njira yake ndi yamiyala, choncho muyende mwa mayendedwe a amayi. Cathedral imene ili pamwambapo inadalitsidwa mu 1364, ndipo mafumu a Poland ankavekedwa ufumu ndi kuikidwa m'manda momwemo. Pakhomo muona mafupa akuluakulu atamangidwa ndi unyolo. Ana amauzidwa kuti ndi a chinjoka chimene chinkakhala kuphanga la pansi pa phirilo, koma ndi a nyama zakalekale. Mkati, pakatikati penipeni, pali bokosi lasiliva la Stanislaus Woyera, episkopi wa Kraków amene anaphedwa mu 1079 atadzudzula mfumu Bolesław II. Mulinso manda a Jadwiga Woyera, mfumukazi imene inamwalira mu 1399.

Ndinene zoona, ine Wawel sindiiona ngati malo opemphererapo modekha. Anthu amachuluka, zithunzi n'zoletsedwa, ndipo mumayenda mondondozana ngati pa chigayo. Ndi manda a fuko kuposa china chilichonse. Kuti mumvetse chifukwa chimene a ku Poland amayendamo mwaulemu chotere, kumbukirani kuti kuyambira 1795 mpaka 1918 dziko lawo linafufutidwa pamapu, litagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria. Zaka 123 opanda dziko, anthu ankabwera pano kudzaona manda a mafumu awo kuti asaiwale kuti ndi ndani.

Koma pali chipinda chimodzi chimene ndikufuna amayi akaimemo ndithu. Chili pansi, chimatchedwa cha Leonard Woyera, ndipo n'chotsalira cha tchalitchi chakale chimene chinalipo Cathedral ya lero isanamangidwe. N'chozizira, chili ndi nsanamira zazifupi ndi kaguwa kopanda zokongoletsa. Pa 2 November 1946, tsiku lokumbukira okhulupirira onse amene anamwalira, wansembe wa zaka 26 amene anali atangodzozedwa dzulo lake ananena Misa yake yoyamba pamenepo. Anali Karol Wojtyła. Amayi ake anamwalira mu 1929, mkulu wake mu 1932, bambo ake mu 1941, moti pa tsiku limene kwathu kukanakhala nthungululu ndi mbuzi zophedwa, iye anapereka nsembe ya Misa chifukwa cha mizimu ya atatuwa. Ndiye amene anadzakhala arkiepiskopi wa Kraków mu 1964 ndi Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1978, yemwe uja anafika ku Malawi mu May 1989. Amayi anu nthawi imeneyo anali mayi wa zaka za m'ma 30. Afunseni mukakhala m'chipindamo kuti anali kuti masiku amenewo, ndipo muwasiye asimbe.

Tikiti imene mwalowera m'chipindacho imakulolaninso kukwera kukaona belu la Zygmunt, lopangidwa mu 1520, lolemera matani pafupifupi 11, limene pamafunika anthu 12 kuti lilire. Limalira pa masiku akuluakulu okha. Masitepe ake ndi amatabwa, opanikiza, ndipo pena mumachita kuwerama. Inu kwerani, amayi akhale pabenchi. Mawondo awo tikuwafuna mawa.

Dzuwa likamapendeka, bwererani kudzera msewu wa Franciszkańska. Nyumba nambala 3 ndi ya maepiskopi, ndipo pamwamba pa chipata pali zenera limene Papa ankaimapo usiku kucheza ndi achinyamata akabwera kwawo. Kutsidya kwa msewu kuli tchalitchi cha a Franciscan, cholowa ulere, chamdima, chabata. Mukalowa muyende masitepe angapo kenako mutembenuke. Pamwamba pa khomo pali zenera lagalasi la Stanisław Wyspiański losonyeza Mulungu Atate akulenga dziko, ndevu zili petupetu, dzanja lili m'mwamba. Kuwala kwa madzulo kukalowa pamenepo, mitundu yake imachita ngati ikuyenda. Mwa matchalitchi onse a pakati pa mzinda, ichi ndiye ndimabwererako.

Tsiku lachiwiri lonse lipatseni Łagiewniki, dera limene kuli malo oyera a Chifundo cha Mulungu, musaonjezerepo kanthu. N'kumene mtima wa amayi uli. Mukwera tram, kasitima koyenda mumsewu, kuchokera pakati pa mzinda, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Alendo ambiri amathamangira tchalitchi chachikulu chatsopano, choyera, chimene Papa anadalitsa pa 17 August 2002. Chioneni, koma zenizeni zili m'katchalitchi ka njerwa ka masisitere pambali pake. M'menemo, pansi pa chithunzi cha Yesu Wachifundo, muli mafupa a Faustina Kowalska, sisitere amene sanapite patali ndi sukulu, amene ntchito zake zinali kuphika, kulima kudimba ndi kulondera pachipata. Anamwalira pomwepo ndi chifuwa chachikulu pa 5 October 1938 ali ndi zaka 33, ndipo anaikidwa m'gulu la oyera pa 30 April 2000. Chithunzi choyambirira chinajambulidwa mu 1934 ndipo chili ku Vilnius, m'dziko la Lithuania. Cha ku Łagiewniki anajambula Adolf Hyła nthawi ya nkhondo, koma ndi chimenechi chinafala dziko lonse. Mwina n'chomwecho chili pakhoma kunyumba kwa amayi. Mawu a pansi pake, "Jezu, ufam Tobie" (Yesu, ndikukhulupirira Inu), safunika womasulira kwa iwo.

Fikani m'katchalitchiko 2:30 isanakwane kuti mupeze pokhala. Ikakwana 3 koloko masisitere amatsogolera pemphero la ola la chifundo ndi korona wake, m'Chipolishi. Ine ndinakhala pafupi ndi gogo wina wovala mpango, tonse makorona m'manja. Iye ankayankha m'chinenero chake, ine chamumtima m'Chichewa, ndipo mikanda inkathera pamodzi.

M'mawa wa tsikulo, mphamvu zikalola, yendani pansi kupita ku tchalitchi cha Yohane Paulo Wachiwiri chimene chili pafupi, kuwoloka kamlatho. Amasungako mkanjo woyera umene anavala pa 13 May 1981 pamene anawomberedwa ku Rome, magazi ake akuonekabe. Dera limenelo kale linali la fakitale ya Solvay, kumene iye ankagwira ntchito ya manja pa nthawi ya nkhondo.

Anzathu a ku Zambia amene amawerenga pano ali ndi chawochawo mumzindawu. Adam Kozłowiecki, arkiepiskopi woyamba wa Lusaka, anamangidwa ku Kraków mu November 1939 ali wansembe wachinyamata wa chipani cha Jesuit. Anapulumuka ku ndende za Hitler za Auschwitz ndi Dachau, anafika ku Northern Rhodesia mu 1946, ndipo anamwalira ku Lusaka mu 2007 ali kadinala. Tchalitchi cha a Jesuit cha Mtima Woyera chili mumsewu wa Kopernika.

Anthu akuuzani kuti musabwerere osaona katchalitchi kosemedwa mumchere ku mgodi wa Wieliczka. N'kokongoladi, koma masitepe ake ndi mazanamazana, ndipo tsiku lonse limathera komweko. Kasungireni ulendo wina, pamodzi ndi Arka Pana ya ku Nowa Huta, tchalitchi chimene antchito anamanga ndi manja awo boma la chikomyunizimu likukaniza, mpaka chinadalitsidwa mu 1977.

Zing'onozing'ono: nthawi zotsegulira muzionenso sabata yonyamuka, chifukwa Lamulungu alendo saloledwa kuyendayenda m'matchalitchi mpaka masana, ndipo masitolo akuluakulu ambiri amakhala otseka. Ngati ulendo wagwera Lamulungu, katchalitchi ka Giles Woyera m'munsi mwa Wawel kamakhala ndi Misa ya Chingerezi m'mawa. Mapewa ndi mawondo zikhale zofunda, zimene kwa amayi si nkhani. M'matchalitchi amiyalawa mumazizira ngakhale kunja kuli dzuwa, ndiye juzi isatsale. Wansembe kapena sisitere amapatsidwa moni wakuti "Szczęść Boże". Ine lilime linakana, ndinkangowerama pang'ono ndi kumwetulira, ndipo palibe anandibweza.

Chomaliza, siyani malo m'chikwama. Amayi sangachoke ku Łagiewniki opanda makorona ndi tizithunzi ta gulu lawo lonse, a kumphakati, ndi bambo mfumu a ku parishi. Sitolo ili pomwepo, ndipo mukapeza wansembe akudalitsirani. Ndege zotchipa za pakati pa UK ndi Kraków sizichita chifundo pa sikelo, choncho lipiriranitu chikwama chimodzi chachikulu pogula matikiti.