Galu akukhwekhwereza miyendo yakumbuyo: kodi ndi mitsempha ya magazi ya mumsana?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Galu wawo wa miyezi 10 wayamba kudzandira, ndipo tsopano akukhwekhwereza miyendo yakumbuyo. Awerenga pa intaneti za mitsempha ya magazi yopangika molakwika mumsana, ndiye akufunsa ngati ndi zimenezo.

Amayi, matendawa alipodi, koma ndi osowa kwambiri. Kawirikawiri galu amabadwa nawo. Magazi amayenera kuchoka m'mitsempha yochokera kumtima, n'kudutsa m'timitsempha ting'onoting'ono, kenako n'kubwerera. Mwa agalu ena mitsemphayi imalumikizana mwachindunji kapena kupiringizana. Ikatupa imapanikiza mtsempha wa ubongo wodutsa mumsana, ndipo miyendo imafooka pang'onopang'ono. Ikaphulika, galu amene m'mawa amathamanga akhoza kulephera kudzuka madzulo. Msinkhu wa galu wanu ukugwirizana nazo, chifukwa zimakonda kuonekera galu akadali wamng'ono.

Komabe ine sindingayambire pamenepo. Funso loyamba kuno ku Blantyre ndi ili: analandira katemera wa chiwewe? Ambirife timaganiza kuti galu wachiwewe ndi wolusa basi, chonsecho pali mtundu wina umene umangopuwalitsa, ndipo umatha kuyambira kumiyendo. A bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemerayu mumzinda muno kuyambira 2015, ndiye fufuzani kakhadi kake ka katemera. Ngati sanabayidwe, ana asamuyandikire, ndipo musamupise dzanja m'kamwa. Zina zofala ndi kugundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto inu osaona, kumenyedwa, komanso kuphulika kwa kankhata kapakati pa mafupa a msana.

Dokotala wa ziweto adzamutsina chala mwamphamvu. Kungokoka mwendo sikokwanira. Galu akatembenuka kapena kulira, ndiye kuti uthenga ukufikabe kuubongo, ndipo mwayi wochira ndi wokulirapo. X-ray imaonetsa mafupa, osati mitsemphayi. Pamafunika makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI kapena CT, a kuzipatala zazikulu za ziweto monga Onderstepoort ku Pretoria, m'dziko la South Africa. Agalu ena amachitidwa opaleshoni, koma zimatengera pamene pali vutolo.

Pakadali pano mutsekereni pamalo pang'ono, pachiguduli chouma, ndipo muzimutembenuza maola 4 mpaka 6 alionse kuti asachite zilonda. Onetsetsani ngati akukodza. Chonde musamupatse Brufen kapena mankhwala ena a anthu. Amaononga m'mimba ndi impso za galu. Popita kuchipatala mugonekeni pathabwa kuti msana usapindike, ndipo pitani lero lomwe.