Funsani akatswiri: kamera ya m'galimoto ikhale yozungulira kapena yokhazikika?

Funso: Ndikufuna kugula kamera ya pa galasi la kutsogolo yoti izijambula msewu. M'sitolo ndapeza mitundu iwiri. Ina ili pa kamwendo kokhala ndi kampira ndipo imatembenukira mbali zonse, ina imamatidwa pa galasi ndipo diso lake limangokwera ndi kutsika. Wogulitsa akuti yozungulira ndiye yabwino chifukwa imajambula paliponse. Ine ndimayenda kwambiri m'misewu yafumbi. Nditenge iti? Wowerenga wa ku Kasungu

Yankho: Tengani yokhazikikayo. Kamera imeneyi ntchito yake yeniyeni imaoneka pa tsiku la ngozi, pamene mukufuna kuti kanema asonyeze nambala ya galimoto inayo komanso mbali ya msewu imene aliyense anali. Kuti zimenezo zioneke, kamera siyenera kunjenjemera. Tsono paliponse pamene pamatembenuka ndi pomwe pamayambira kugwedera, ndipo kamwendo kakatalika, kamera imalendewera kunsonga n'kumavina pa bampu iliyonse.

Makamera ambiri otere sajambula chithunzi chonse pakamodzi, amachiwerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba. Kamera ikagwedera ili mkati mowerenga, mapolo a magetsi amaoneka opindika ndipo manambala amasokonekera. Usiku zimanyanya, chifukwa kamera imatenga nthawi yotalikirapo pa chithunzi chilichonse kuti ilandire kuwala kokwanira. Palinso G-sensor, kachipangizo kamene kamamva kugunda n'kutseka kanemayo kuti asafufutidwe. Chogwirira cholobodoka chimainamiza: imayesa dzenje lililonse ngozi, khadi losungira makanema limadzaza ndi makanema otsekedwa, ndipo makamera ena akafika pamenepo amasiya kujambula mwini wake osadziwa.

Vuto lina ndi dzuwa. Galimoto ikaima panja yotseka mu Okutobala kapena Novembala, pa dashibodi pamatha kutentha kupitirira madigiri 70. Pulasitiki yogwira kampira kaja imafewa, kamera imayamba kuwerama pang'onopang'ono mpaka kumajambula boneti. Yomata ndi tepi ya 3M VHB, tepi yolimba yomata mbali zonse ziwiri, ilibe kamwendo koti kafooke.

Yozungulira ili ndi malo ake. Magalasi a minibasi ngati Toyota HiAce ndi a malole amakhala oimirira kwambiri, moti makamera ena okhazikika diso lake silikwera mokwanira kuti lione kutali. Musanalipire, igwirizeni pa galasi lanu muone chithunzi chake. Ngatinso kumbuyo kwa galasi loonera kumbuyo kuli bokosi lalikulu la masensa, mudzakakamizika kuika kamera chapambali, ndiye mudzafuna yotembenukira kumanja kapena kumanzere kuti iloze pakati pa msewu. Zikatero sankhani ya kamwendo kafupi, yokhala ndi nati yomangitsira, yomatanso ndi tepi osati mphira yokakamira ndi mpweya.

Pomata m'pamene ambiri amalakwitsa. Malo abwino ndi m'mwamba, kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, mbali ya pasenja, yomwe ndi kumanzere poti chiwongolero cha magalimoto athu chili kumanja. Diso la kamera likhale mkati mwa dera limene waipa imapukuta, apo ayi mvula ikayamba muzidzajambula matope. Tepi ikhoza kukhala pa timadontho takuda ta m'mwamba mwa galasi, koma diso likhale m'munsi mwake. Yatsani kamera muone chithunzi musanachotse kapepala ka tepi, kenako lembani malowo, chifukwa ikamata mopendekeka simungaiwongole. Pukutani galasi ndi mankhwala opukutira otchedwa isopropyl alcohol, nthawi zambiri m'bokosi mumabwera kansalu konyowetsedwa kale. Sanitaiza wa m'manja ayi, amasiya mafuta. Galasi likauma, kanikizani chogwirira mwamphamvu kwa masekondi 30, ndipo ngati kamera imachotsedwa pa chogwirira, musaikolekepo mpaka mawa lake. Tepiyi imagwira pafupifupi theka la mphamvu zake pakatha mphindi 20, ndipo imamaliza pakatha maola 72. Chitani zimenezi pamthunzi, galasi lisanatenthe.

Kenako lozetsani diso kuti msewu utenge pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a chithunzi, thambo otsalawo. Thambo likachuluka, kamera imadzichepetsera kuwala ndipo msewu umada. Waya adutse m'mphepete mwa denga n'kutsika mu mzati wa galasi kuseri kwa airbag (thumba la mpweya lofufuma pa ngozi), osati pamwamba pake. Musiyireni mpata pang'ono pafupi ndi kamera, chifukwa waya wokoka ndi amene amapotola makamera ambiri ozungulira.

Funso: Ndimayendetsa takisi ya Sienta, nthawi zina usiku. Maganizo anga ndi ogula yozungulira kuti pasenja akayamba zachilendo ndizingoitembenuzira mkati. Kodi si nzeru? Dalaivala wa ku Mzuzu

Yankho: Nkhawa yanu ndi yomveka, a dalaivala, koma njirayo sikuthandizani. Munthu woipa sakupatsani mpata wotambasula mkono, ndipo kutembenuza kamera akuona kungamuputeko. Komanso nthawi yonse imene kamera ikuyang'ana mkati, kumsewu kulibe chojambula. Ndipo diso lopangidwira msewu silione kanthu m'galimoto mukakhala mdima.

Chimene mukufuna ndi kamera ya maso awiri, lina la kumsewu, lina la mkati lokhala ndi timagetsi ta infrared. Timagetsi timeneti sitithobwa munthu m'maso, koma nkhope zimaoneka bwino ngakhale kanema wake amakhala wopanda mtundu. Mitundu ina ya Vantrue ndi Viofo ndi yotere. Iikeni motsikirako pang'ono kuti galasi loonera kumbuyo lisatchinge diso la mkatilo, ndipo muyese usiku munthu atakhala pa mpando wa kumbuyo kwenikweni. Popeza maso awiri amadya malo ambiri, gulani khadi la 128GB lolembedwa High Endurance, ngati kamerayo imalilandira. Matani kachidziwitso pa chitseko kuti apasenja adziwe kuti akujambulidwa. Ndi ulemu, komanso woganiza zoipa amayamba waganiza kawiri.

Funso: Kamera yanga ndi ya mphira yokakamira pa galasi chifukwa ndimaisinthasintha pa magalimoto awiri. Masiku ano ikumagwa masana. Ndithirepo guluu? Mayi wa ku Chikwawa

Yankho: Guluu musathire, mayi, muwononga mphira ndi galasi lomwe. Tsukani mphirayo ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, pukutani galasi, ndipo muimate pamalo osalala, chifukwa pa timadontho takuda tija mpweya umalowa. Ngati m'mphepete mwake mwauma kapena mwapindika, yatha basi, kutentha kwa kuchigwa cha Shire sikuchedwa kuikalambitsa. Gulani zogwirira ziwiri za tepi zogwirizana ndi kamera yanu, chimodzi pa galimoto iliyonse, muzingosamutsa kamera yokha. Pa mitundu ina GPS imakhala m'chogwiriramo, choncho onetsetsani kuti zonse ziwiri zili nayo ngati mukufuna kuti liwiro ndi malo zizilembedwa pa kanema. Mukadzafuna kuchotsa cha tepi, dikirani galasi lifunde, kenako dutsitsani ulusi wa mbedza kuseri kwake mocheka pang'onopang'ono.