Masiku awiri ku Muscat: tauni yake ili pati?

Mayi wina wa ku Karonga wandilembera pa imelo. Akuti akupita ku Muscat, likulu la Oman, ku msonkhano wa kuntchito, ndipo ukatha adzakhala ndi masiku awiri opuma. Funso lawo n'lakuti: "Kodi pakati pa tauni ndi pati, kuti ndikapeze malo ogona pomwepo n'kumangoyenda wapansi?"

Mayi, pakati potero palibe. Muscat ndi timatauni tambiri tondandana m'mbali mwa nyanja, mapiri a miyala okhaokha ali kumbuyo. Kuchokera ku Seeb, komwe kuli bwalo la ndege, kukafika ku Muscat wakale ndi makilomita oposa 30. Ganizirani mmene Old Town ndi City Centre zinatalikirana ku Lilongwe, kenako muwonjezere mtunda ndi dzuwa. Mabasi a Mwasalat alipo, koma pa masiku awiri okha takisi ndiyo ingakuthandizeni.

Ine ndikanagona ku Muttrah, chifukwa ndi kokhako komwe miyendo ili ndi ntchito. M'mamawa pitani kumsika wa nsomba kumapeto kwa msewu wa m'mbali mwa doko, asodzi akamatsitsa nsomba zikuluzikulu. Masana pumulani, mashopu ambiri amatseka. Dzuwa likapendeka lowani mu Muttrah Souq, msika wa tinjira tothina tofoleredwa, momwe fungo la lubani wochokera ku Dhofar limakulandirani musanaone n'komwe wogulitsa. Muli nsalu, siliva, zonunkhiritsa ndi halwa, chakudya chotsekemera chomwe amamwera khofi wowawa. Nenererani mtengo, sakwiya nazo. Koma chenjerani ndi ndalama yawo: riyali imodzi imaposa madola awiri ndi theka, ndiye akati "5" musaone ngati n'zotchipa.

Mzikiti waukulu wa Sultan Qaboos, womwe unatsegulidwa mu 2001, uli kutali ndi Muttrah, cha ku Bawshar. Omwe si Asilamu amaloledwa kulowa kuyambira 8 mpaka 11 koloko m'mawa, kupatula Lachisanu. Valani zofika m'mapazi ndi m'manja, mufunde mpango kumutu, apo ayi akubwezerani pachipata. Kapeti ya m'chipinda chachikulu chopemphereramo inalukidwa pamanja ku Iran kwa zaka zinayi.

Muscat wakale ali kuseri kwa phiri, pafupi ndi Muttrah, ndipo ndi kwa zii, maofesi a boma basi. Nyumba yachifumu ya Al Alam mungoionera kunja kwa mpanda. Mbali zonse ziwiri za doko la Muscat wakaleyu kuli malinga a Al Jalali ndi Al Mirani, omwe Apwitikizi anamanga m'zaka za m'ma 1580 asanathamangitsidwe mu 1650. Nthawi yanu yambiri ithere mu National Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2016. Mbiri ya dzikoli ikutikhudza ifenso. Seyyid Said, mfumu ya Oman, anasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar cha m'ma 1840, ndipo malonda a minyanga ndi akapolo a ku Zanzibar ndi omwe anafikitsa Jumbe ku Nkhotakota. Mpaka lero ku Oman kuli mabanja olankhula Chiswahili, ndiye poti ndinu a ku Karonga, mwina chija mumamva ku Songwe chikagwira ntchito.

Ku Ruwi mukapiteko njala ikakupwetekani: chakudya cha Amwenye n'chambiri komanso chotsika mtengo. Ku Qurum kuli gombe loyendamo madzulo ndi Royal Opera House ya mu 2011, koma nthawi ikachepa n'komwe ndingayambe kudumpha.

Simunanene mwezi womwe mukupita. Ngati ndi pakati pa Novembala ndi Marichi, nyengo ikukomerani. Ngati ndi Juni kapena Julayi, kutentha kumafika madigiri 40 n'kuposa, choncho pokwana 11 koloko muzikhala mutalowa kale m'nyumba, mudzatulukenso madzulo.