Chifukwa chake nyumba ya pa Chileka ndi yaing'ono

Mwafunsa kuti bwanji nyumba yofikira okwera ndege pa Chileka ndi yaing'ono pomwe Blantyre ndi mzinda wa malonda. Achimwene, bwalo la ndege limeneli ndi la nthawi ya atsamunda, pamene ndege za Central African Airways zinkanyamula anthu ochepa paulendo umodzi. Nyumbayo inkakwanira ndithu.

Pa 6 July 1958 ndi pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anatsikira pa bwaloli pobwera kumudzi kuchokera kunja, khamu la anthu litadzaza kumuchingamira. Kwa ine, tsiku limenelo lokha ndi lokwanira kuti malowa tiziwasamala ngati chuma cha fuko.

Zinthu zinatembenuka likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Boma linaika mtima pa bwalo latsopano ku Lumbadzi, lomwe linatsegulidwa mu 1983, ndipo ndege zikuluzikulu zinayamba kutera kumeneko. Chileka anatsalira m'mbuyo.

Mpaka pano mukatsika ndege mumaponda pansi, mphepo ikukuwombani, mapiri a Michiru akuoneka poteropo. Zimandiwawa kuti ambiri amadutsa pakhomo paja osadziwa zomwe zinachitikapo mu 1958.