Phiri ndi mapiri, nanga tsamba?

Funso: Mwana wanga wa Sitandade 7 anapatsidwa mafunso ofananiza mawu. Lina linali lakuti: phiri ndi mapiri, tsamba ndi chiyani? Iye analemba matsamba, aphunzitsi n'kumuthetha. Analakwa pati? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Aphunzitsi sanamulakwire, mayi, yankho ndi masamba. Mwanayo anaona ma- yekha n'kumumata kutsogolo, osaona kuti h wa phiri wathawa. Pa mafunso otere muyambe mwaika mawu awiri oyambawo pafupi n'kuwerenga zonse zimene zasintha. Apa zasintha ziwiri: kwabwera ma-, ndipo liwu loyamba lafewa. Zonse ziwirizo zichitikenso pa mawu achitatu.

Kufewaku kuli ndi njira yake. Kawirikawiri ph amasanduka p, th amasanduka t, kh amasanduka k: phewa mapewa, thumba matumba, khasu makasu, khutu makutu. Ts amatsala s: tsiku masiku, tsamba masamba. D nthawi zina amabwerera kwa l, monga duwa maluwa, ndipo akuluakulu akumudzi ndinkawamva akuti malengu pomwe ife timati madengu.

Ndati amabwerera, ndipo ndanena dala. Mawu enieni ndi amene ali m'zambiriwo, -piri, -samba, -luwa. Kale mayina onsewa ankayamba ndi li-, amene mukumuonabe pa liwu mawu. Li- uja pofota anasiya ataumitsa liwu loyandikana naye, basi piri n'kukhala phiri. Choncho mwana asamaganize kuti mapiri ataya kanthu, ndi phiri amene anatola h panjira.

Msampha weniweni uli pa dz. Dzira ndi mazira, d yekha ndiye wachoka. Koma wotengera pamenepo adzalemba mazina, mazanja, mazungu, pomwe Chichewa chimati mayina, manja, maungu. Pa mawu awa dz yense amachoka, chifukwa sanali wa tsinde, ndi li- yemwe uja atasintha nkhope. Dzino mano, dzenje maenje, dziko mayiko. Awa ngofunika kungowaloweza, ndipo wolemba mafunso wochenjera amawakonda zedi.

Mawu obwereka ndiye osamva. Khomo ndi makomo, koma khoti ndi makhoti, khadi ndi makhadi, h ali nji! Amenewo ndawalekerera, ndi alendo. Chondinyansa n'chakuti khalidwe lawo layamba kulowerera eni mudzi, mpaka pa Facebook munthu wamkulu ndithu kulemba maphiri ndi makhasu osachita manyazi.

Aphunzitsi akadzafika pa aneni, ntchito ndi yomweyo, kungoti kusintha kumakhala kumapeto. Tseka ndi tsekula, mata ndi matula, yala ndi yalula: -ula akubweza zimene zinachitika. Ndiye wina akafunse kuti pinda ndi chiyani. Dzanja limathamangira pindula, koma kupindula ndi kwa pamsika, nsalu yopinda timaitambasula. Mumuuze mwanayo kuti akapeza yankho aliike m'chiganizo n'kulitchula mokweza. "Ndapindula chitenje" khutu likana lokha, monga likanira "ndiwo za matsamba a maungu", ngakhale kuti wonena zimenezi wakwanitsa kale theka lake, poti sananene mazungu.