Kwa amisiri obwera kumene ku Lusaka: musakhulupirire pansi pa khitchini

Abale anga amene mwatsika basi posachedwa pa siteshoni ya Intercity ndi chikwama cha zida, ntchito ya makabati a kukhitchini kuno iliko. Nyumba zikumera tsiku ndi tsiku ku Chalala, Ibex Hill ndi Salama Park, ndipo aliyense akufuna khitchini yonga imene anaiona pa Facebook. Koma zambiri mwa nyumbazi zimamangidwa pang'onopang'ono, ndalama ikapezeka. Woika simenti ya pansi wina, wa pulasitala wina, wa matailosi winanso. Inu mumafika pomaliza, ndipo zokhota zonse zimene anasiya anzanuwo zimadzaonekera pa kabati yanu.

Choncho musanatsitse kabati ndi imodzi yomwe m'galimoto, yezani pansi. Ngati mulibe levulo yaitali, chida cha kathovu choonera ngati malo apendekera, gulani ku Kamwala paipi yopyapyala yoonekera mkati, muthiremo madzi, muchotse mpweya wonse. Madzi a kunsonga ziwirizo amaima mofanana nthawi zonse, ndipo safuna magetsi, zomwe kuno n'zofunika chifukwa magetsi amathimathima. Potsata madziwo, lembani mzere pakhoma pa mita imodzi kuzungulira khitchini yonse, kenako muziyeza ndi tepi kuchoka pamzerewo kutsika pansi, malo angapo. Pamene tepi yawerenga pang'ono kwambiri, pamenepo ndiye pokwera. Yambirani pamenepo kuyeza mamilimita 870 kupita m'mwamba, kutanthauza 150 a miyendo ndi 720 a bokosi la kabati, mujambule mzere wina. Makabati onse atsate mzere umenewu. Mukayambira potsika, pofika pokwera mudzasowa pofupikitsa miyendo, ndipo makina ochapira adzakana kulowa pansi pa thebulo lokhala pamwamba pa makabati.

Apa mvetsetsani. Mukapeza kuti mbali ya kusinki yatsika ndi mamilimita 20, itanani eni nyumba nthawi yomweyo. Ikani levulo pamatailosi iwo akuona, muwasonyeze kathovu kathawira kumbali, muwauze mwaulemu kuti: "Mayi, pansipa mpopendekera. Thebulo likhala lowongoka, koma thabwa la m'munsi likhala lalikulu uku kuposa uko." Mukanena ntchito isanayambe, ndinu mmisiri wodziwa. Mukadzanena atadandaula kale, ati mukuzemba, ndipo ndalama yotsala ija mudzaiyendera mpaka nsapato kutha. Mlendo sachedwa kusenzetsedwa mlandu.

Miyendo ikhale ya pulasitiki, yopotokola ija. Bolodi ya melamine ya mamilimita 16 mkati mwake ndi utuchi womata, ndiye ikakhala pansi penipeni m'nyumba imene amakolopa m'mawa uliwonse imamwa madzi n'kufufuma ngati chitumbuwa. Ena amapachika katoni kapena kabenthu ka bolodi pansi pa bokosi kuti lifike pamzere. Ine zimenezo ayi. Ngati mwendo waperewera, ikani kachidutswa ka tailosi kapena ka mlombwa, umene ku msika wa Buseko mudzaufunsa kuti mukwa.

Yambani ndi kabati ya pakona, muiwongole mbali zonse, kumanzere kumanja, kutsogolo kumbuyo. Yotsatira muigwirize ndi kalampu kumaso kwake kufanane, ndiyeno mumange masikuluwu. Khoma nalonso likhoza kukhala ndi mimba. Pamene pali mpata kumbuyo, tsekerani kaye musanalimbitse sikuluwu, apo ayi bokosi lipindika, zitseko ziyamba kulumana, madirowa azitseguka okha. Mudzapotokola mahinjesi tsiku lonse osaphula kanthu, chikhalirecho vuto lili kukhoma. Ndipo ngati pamwamba pakubwera mwala wa granite, dziwani kuti suwerama: bokosi limodzi likatsika, umasweka pamene paonda, pambali pa bowo la sinki.

Makabati a m'mwamba, kumbukirani kuti kuno amamangira kwambiri mabuloko a simenti amphako, osati njerwa zootcha zimene tinazolowera kumudzi. Pulagi ya sikuluwu ikakhala yaifupi imangolendewera m'phako. Gogodani khoma, mufune polimba, ndipo mufunse kumene kwadutsa mawaya ndi mapaipi musanaboole.

Thabwa lotseka m'munsi mulidule pomaliza. Liimikeni pansi, muyendetse pensulo yogona pa kachidutswa ka thabwa kuti itsate kukhota kwa matailosi, mudule potsata mzerewo, kenako mupake silikoni m'mphepete kuti madzi okolopera asalowe. Nthawi ya ntchito imeneyi muiwerengere pamtengo kuyambira pachiyambi, chifukwa pansi pokhota pamadya theka la tsiku mosavuta.